Mlonda Wosagona Akulonda Yani?

 Sabata ino nkhani yathu ndi ya mlonda.

Palibe munthu amene amasekerera kuberedwa. Aliyense amene adadzukapo m'mawa n'kupeza khola lili pululu, kapena nkhokwe itabooledwa kunsi, amadziwa mmene mtima umawawira. N'chifukwa chake makolo athu ankaika mpiringidzo kuchitseko, ankaweta agalu, ndipo khola ankalimanga pafupi ndi nyumba kuti ng'ombe ikalira usiku mwini wake amve. Ife a lero tidawonjezerapo maloko ndi zitsulo za m'mawindo, ndipo amene ali ndi kangachepe amalemba mlonda woti azichezera pakhonde la golosale ndi chibonga chake.

Tsono m'mizinda ikuluikulu mudabwera mlonda wa mtundu wina. Ameneyu sadya nsima, saodzera, ndipo saiwala nkhope ya munthu. Ndi makina. Pakhomo la nyumba amaikapo kamera yolumikizidwa ku kompyuta. Tsiku loyamba kamerayo imajambula nkhope yako, kompyuta n'kuyeza maonekedwe ake, kuwasandutsa manambala ndi kuwasunga. Tsiku lililonse ukafika pakhomopo imakujambulanso n'kufananitsa ndi manambala aja. Zikagwirizana chitseko chimatseguka chokha, zikasiyana umangoima panja. Makina ena amachita zomwezo ndi chala, ena ndi kakhadi kamene umangokagunditsa pachitseko. Onsewa ali ndi khalidwe limodzi, loti amalemba m'kaundula wawo kuti uje watuluka nthawi yakuti, wabwera nthawi yakuti.

Tisanamizane, ubwino wake ulipo. Kiyi amatayika, ndipo wakuba akamutola amatha kukadulitsa wina pamsika. Mlonda wathu wachibonga uja tulo timamugwira tambala asanalire, ndipo wina amagulidwa ndi botolo limodzi la kachasu. Mayi amene wabereka mwana, katundu ali m'manja monse, savutika kupisa m'thumba kufuna kiyi. Kukachitika umbanda, zithunzi za kamera zimathandiza apolisi. Munthu amene adathyoleredwapo nyumba akamva za makina otere amangoti, bweretsani lero lomwe.

Nanga vuto lili pati? Kuti tilione bwino, tiyeni tipite ku America, mumzinda wa New York, dera lotchedwa Brooklyn. Kumeneko kuli nyumba ziwiri zazitali zotchedwa Atlantic Plaza Towers, iliyonse ya nsanjika 24, ndipo zonse pamodzi muli makomo oposa 700 a anthu ochita lendi. Tingoti ndi mudzi wathunthu woimirira. Ambiri okhalamo ndi anthu akuda, makamaka amayi, ndipo lendi yawo imayang'aniridwa ndi lamulo kuti isakwere mwachisawawa. M'nyumbazi munali kale alonda, makamera ambirimbiri ndi timakiyi tamagetsi. Koma m'chaka cha 2018 kampani yoyendetsa nyumbazo, Nelson Management Group, idapempha chilolezo ku boma kuti ichotse timakiyi tija n'kuika makina ozindikira nkhope. Idati cholinga chake ndi chitetezo cha anthu okhalamo.

Anthu ena okhalamo sadakondwe nazo. Adaima pamalo olowera n'kumagawa timapepala todziwitsa anzawo za nkhaniyi. Pasanapite nthawi, ena mwa iwo adalandira makalata ochokera kwa oyang'anira nyumbazo owachenjeza kuti pamalopo si posonkhanira, ndipo angathe kulipitsidwa chindapusa. M'makalatamo munali zithunzi zawo zojambulidwa ndi makamera a m'nyumbamo, ataimirira ndi timapepala tawo. Chonsecho lamulo la ku New York limalola anthu ochita lendi kusonkhana ndi kukambirana za nyumba zawo.

Abale anga, taimani pamenepa. Kamera ija adaiika kuti igwire mbala. Koma tsiku limenelo sidagwire mbala ayi, idagwira amayi omwe imayenera kuwateteza, chifukwa choti adatsegula pakamwa. Anthu aja adadzifunsa kuti, ngati makamera wamba akutichita zotere, kuli bwanji makina odziwa nkhope ndi dzina la aliyense wa ife? Mutu umodzi susenza denga, choncho adagwirizana, napeza maloya othandiza anthu osauka, ndipo mu Meyi 2019 anthu 134 adapereka chikalata ku boma chokana makinawo.

Mantha awo anali pa zinthu zitatu, ndipo zonse ndi zomveka ngakhale kwa ife a kumudzi.

Choyamba ndi chakuti makinawa amadziwa zambiri, ndipo wosunga kaundula wake ndi munthu amene ali ndi mphamvu pa iwe. Taganizani mwini nyumba imene mukuchita lendi ali ndi buku lolembamo nthawi imene mumatuluka, nthawi imene mumabwera, usiku umene simudagone pakhomo, mlendo amene amakuyenderani kawirikawiri, ndi masiku amene mbale wanu wakhala nanu. Chilichonse mwa zimenezi pachokha si mlandu. Koma mwini nyumba akafuna kukutulutsani kuti alowetse wina wolipira ndalama zambiri, m'buku lotere sangasowemo chifukwa. Izi n'zimene anthu a ku Brooklyn ankaopa, popeza dera lawo lidali litayamba kukopa anthu a ndalama.

Chachiwiri ndi chakuti makinawa amalakwitsa, ndipo kulakwitsa kwake kumagwera kwambiri anthu a khungu ngati lathuli. M'chaka cha 2018 akatswiri awiri, Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru, adayesa makina a makampani atatu akuluakulu. Adatenga zithunzi 1,270 za aphungu a nyumba za malamulo za ku Rwanda, Senegal, South Africa, Iceland, Finland ndi Sweden, nafunsa makinawo funso losavuta lakuti, uyu ndi mwamuna kapena mkazi? Pa amuna oyera khungu, makinawo sadalakwitse ngakhale pa munthu mmodzi wathunthu mwa 100 alionse. Pa amayi akuda bii, makina ena adalakwitsa pa anthu pafupifupi 35 mwa 100 alionse. Chifukwa chake n'chakuti makina amaphunzira kuchokera ku zithunzi zimene awapatsa, ndipo zambiri zimene adawaphunzitsira zinali za azungu. Mu Disembala 2019 bungwe la boma la America loona za miyezo, lotchedwa NIST, lidayesa mapulogalamu 189 n'kupeza kuti ambiri ankasokoneza nkhope za anthu a ku Africa koposa za azungu a ku Ulaya. Opanga makina akhala akuwakonza kuchokera nthawi imeneyo, ndipo ena lero salakwitsa ngati kale. Komabe kulakwitsa kumodzi kokha kumapweteka munthu. Mu Januwale 2020 apolisi a mumzinda wa Detroit adamanga bambo wina wakuda pakhomo pake, mkazi ndi ana ake akuona, chifukwa kompyuta idati nkhope yake ikufanana ndi ya munthu amene adaba mawotchi m'sitolo. Adakhala m'chitokosi pafupifupi maola 30, chonsecho sanali iye.

Chachitatu ndi chakuti zosungidwa zimabedwa. Mu Ogasiti 2019 ofufuza awiri a ku Israel adapeza kuti nkhokwe ya makina otsegulira zitseko otchedwa BioStar 2, a kampani ya Suprema ya ku South Korea, inali yosatseka bwino pa intaneti. M'menemo munali zidindo za zala za anthu oposa 1 miliyoni, zithunzi za nkhope, maina ndi manambala achinsinsi. Apa ndi pamene pali kusiyana kwakukulu ndi loko wathu wa pamsika. Kiyi akabedwa umagula loko wina madzulo omwewo. Nanga chala chako chikabedwa ukagula kuti china? Nkhope uli nayo imodzi, ndipo udzapita nayo kumanda.

Mlandu wa ku Brooklyn udatha bwino. Mu Novembala 2019 kampani ija idabweza pempho lake, ndipo makinawo sadaikidwe. M'chaka cha 2021 mzinda wa New York udakhazikitsa lamulo lokhudza nyumba za lendi zokhala ndi zitseko zamakono zotere. Lamuloli limati mwini nyumba ayambe wapempha chilolezo cha wochita lendi, atenge zokhazo zofunika kuti chitseko chitseguke, afufute zolembedwa za kulowa ndi kutuluka pasanathe masiku 90, asazigulitse kwa wina, ndipo asazigwiritse ntchito pozunza kapena potulutsa munthu m'nyumba. Ngakhale ku China, dziko limene lili ndi makamera ochuluka zedi, khoti lalikulu lidagamula m'chaka chomwecho cha 2021 kuti oyang'anira nyumba asakakamize anthu kulowa kwawo ndi nkhope yokha. Wokana apatsidwe njira ina yolowera.

Onani kuti malamulo amenewa sadathamangitse mlonda. Zitseko zikutsekedwabe, makamera alipobe. Adangomuikira mlondayo malire, monga momwe galu wolusa amamangidwira masana kuti asalume ana a pakhomo.

Mwina wina akuti, za ku America zikutikhudza chiyani ife olima mbatata ndi chimanga? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo kunena zoona, ana athu amene ali ku Joni zidawapeza kale.

Ku South Africa mantha a umbanda si nthano. M'chaka cha boma cha 2022 mpaka 2023 anthu oposa 27,000 adaphedwa m'dzikomo. Alonda a makampani amene ali pa ntchito ndi oposa 500,000, kuposa apolisi ndi asilikali kuwaphatikiza pamodzi. Anthu opeza bwino a ku Johannesburg ndi Pretoria amakhala m'mipanda italiitali ya waya wamagetsi, yokhala ndi geti limodzi, makamera ndi makina a zala. Ndani amalowa pa mageti amenewa m'mamawa? Ndi osamalira maluwa, ochapa, olera ana, omanga ndi opaka penti, ndipo pakati pawo pali ana a ku Mozambique, a ku Malawi ndi a ku Zimbabwe. M'malo ambiri bwana amangodutsa pa galimoto, pomwe wantchito amaima pamzere kuti adinde chala ndi kuonetsa chitupa. Akati wavomera yekha, kodi adavomeradi? Munthu amene ana ake kuno akudikira ndalama ya feteleza angakane bwanji kupereka chala?

Akuluakulu amene adapita ku migodi kudzera ku Wenela akukumbukira kuti kudinda chala si kwachilendo kumeneko, ndipo chitupa chija ankachitcha dompas, chimene munthu wakuda ankayenda nacho paliponse, chidathetsedwa m'chaka cha 1986 chomwechi. N'chifukwa chake nkhani ya mageti imawawa m'dziko limenelo. Koma inu makolo, mukamalankhula ndi ana anu pa foni muwauze kuti lamulo lilipo. Dzina lake ndi POPIA, ndipo lidayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2021. Limati wotenga mbiri ya munthu anene chimene akuitengera, asaisunge kupitirira nthawi yofunika, ndipo aisamale kuti isabedwe. Zidindo za zala ndi nkhope lidaziika m'gulu la zinthu zofunika kusamala mwapadera. Mwana wanu akasiya ntchito pamalo ali ndi ufulu wopempha kuti chala chake chifufutidwe m'makina a pageti, ndipo kuli ofesi yotchedwa Information Regulator yolandira madandaulo otere.

Tibwerere kwathu kuno. Ife sitifunika mphunzitsi wotiuza mmene chitetezo chimasandukira ndende. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Apwitikizi adasonkhanitsa anthu ambiri a m'chigawo cha Tete m'midzi yotchedwa aldeamento, nati akuwateteza, koma munthu sankatuluka kupita kumunda popanda chilolezo. M'zaka za m'ma 1980 sunkatha kuyenda ulendo wopita boma lina wopanda guia de marcha. Nthawi zonsezo ankati n'chifukwa cha chitetezo, ndipo zoopsa zinalipodi, komatu amene ankaima pamzere kupempha kapepala anali mayi wopita kumaliro a mchemwali wake. Malamulo aakulu a dziko a 1990 ndiwo adatipatsa ufulu woyenda momasuka.

Malamulo aakulu amene tikuyendera lero, a 2004, adanenanso momveka. Gawo 41 limapatsa nzika iliyonse ufulu woteteza mbiri yake, chithunzi chake ndi zinsinsi za moyo wake. Gawo 55 ndi la ufulu wokhala ndi kuyenda kulikonse m'dziko muno. Gawo 68 limati nyumba ya munthu ndi makalata ake si zolowerera. Gawo 71 limaletsa kusunga m'makompyuta za chipembedzo, chipani kapena moyo wamseri wa munthu wodziwika dzina, ndipo limati aliyense ali ndi ufulu woona zimene zidalembedwa za iye ndi kuzikonzetsa ngati zili zolakwika. Kwa inu a kutsidya, dziko la Malawi nalo lidakhazikitsa lamulo loteteza mbiri za anthu m'chaka cha 2024.

Makinawa afika kale pakhomo pathu. Tikamatenga BI kapena kulembetsa za chisankho timadinda zala ndi kujambulidwa. M'mabanki, m'masitolo akuluakulu ndi m'malo omwetsera mafuta mumzinda wa Tete muli makamera. Mtengo wake watsika moti wa golosale, wa chigayo, mwini nyumba za lendi kapena wa malo ogona alendo angathe kugula kamera n'kumaonera pa foni yake ali kutali. Nkhanga zidapangana kusanapse, choncho tiyeni tigwirizane mfundo zingapo makinawa asanadzaze m'maboma mwathu.

Kamera iyang'ane pamene wakuba angalowere kapena pamene pali katundu: pageti, pakauntala, pakhomo la sitolo, pakhola. Isayang'ane kuchipinda, kubafa, kuchimbudzi, ngakhale pabwalo la mnansi. Amene amaika kamera m'chipinda cha alendo kapena m'malo ogona ana asukulu si mlonda, ndi wosuzumira, ndipo nkhani yake ndi ya kupolisi.

Anthu adziwitsidwe. Kachikwangwani kolembedwa kuti pano pali kamera sikadula, ndipo wakuba akakawerenga amabwerera panjira. Kamera yobisa imagwira mbala katundu atapita kale, pomwe yoonekera imaletsa kubako.

Wochita lendi kapena wantchito akauzidwa kuti adinde chala, afunse mwaulemu kuti, kodi zimenezi aziona ndani, zisungidwa mpaka liti, nanga ndikachoka pano mudzazifufuta? Safunsa adadya phula. Ndipo inu eni nyumba ndi mabwana, munthu akafunsa chotere musamuyese wamwano kapena wakuba. Wokana kupereka chala mpatseni kiyi kapena kakhadi, alowe ngati anzake.

Zojambulidwa zigwire ntchito imene adaziikira basi. Kamera ya akuba isasanduke yowerengera kuti mtsikana wa m'sitolo walankhula ndi mnyamata uti, kapena wochita lendi wapita ku msonkhano wa chipani chiti, kapena mayi uje wabwera nthawi yanji usiku. Miseche ya pachitsime imaiwalika pakapita mwezi, koma miseche yokhala ndi chithunzi siifa.

Chomaliza, ndipo ichi ndi chachikulu kwa ife kuno: kamera ikajambula munthu amene mukumuganizira kuba, pitani nacho chithunzicho kupolisi. Musachimwaze pa WhatsApp kapena pa Facebook. Zithunzi za usiku zimakhala zachimbuuzi, anthu amafanana, ndipo tonse tikudziwa zimene gulu lokwiya limachita likamva mfuu yakuti wakuba. Ngati apolisi a ku Detroit ndi makompyuta awo adamanga munthu wosalakwa, nanga ife ndi kafoni kathu kosweka galasi? Womangidwa molakwika amatuluka, koma wophedwa ndi gulu sabwerera.

Makolo athu adatisiyira mwambo umene umayankha nkhani yonseyi. Munthu akafika pakhomo la mnzake amati odi, n'kudikira kuti amuyankhe. Ngakhale a mfumu amati odi. Ngakhale mwini nyumba imene wakubwereka amati odi. Mudzi wonse umadziwa mlendo amene walowa, ndipo kukalira mfuu usiku amuna onse amatuluka ndi nthungo, komabe palibe amene amasuzumira pa mpanda wa bafa la mnzake ati poteteza mudzi. Makolo adadziwa kulonda mudzi popanda kuvula munthu ulemu wake.

Tsono makina akabwera tisawathawe, pakuti mbala nazo sizikugona. Koma wobweretsa makinawo ayambe wati odi kwa anthu amene adzawajambule, ndipo tisaleke kumufunsa kuti, mlonda wanu wosagonayu akulonda mbala kapena akulonda ife?